Fendelani Kumbuyo, Gitala Nayo Ikwele

Pa Intercity munthu amaona katundu wa mtundu uliwonse: masaka a nshawa ocokela kum'mawa, nkhuku zomanga miyendo, matilesi, mabelo a salaula, ngakhale filiji yathunthu pamutu pa munthu. Palibe amene amaceuka. Koma tsiku lina Lacisanu ca m'ma 17:00, mnyamata wina atatsika basi ya ku Chipata na gitala yokulunga m'citenge, siteshoni yonse inaceuka. "Ba Paul Ngozi bauka!" anakuwa ngwangazi mmodzi, anzake n'kufa nazo nseko. Mnyamatayo anangozyolika, n'kuponda wapansi kuloŵa m'tauni kukakwela minibasi ya ku Chelstone.

Mu minibasi nkhani inali imodzimodzi. Kondakita anati, "Boss, ici cinthu cizalipila mpando wake." Mayi wina anadandaula kuti khosi la gitala limulasa m'khutu. Mnyamata anaiimika pakati pa miyendo, n'kufotokoza motsitsa mawu kuti acokela kumalilo a amalume ake, ndipo pogaŵa katundu wa malemu, iye anapatsidwa gitala cifukwa palibe wina amene anaifuna. Kuliza sadziŵa. "Nizaphunzila pa foni," anatelo.

Apa m'pamene mudala wina wa imvi amene anakhala kumbuyo anatambasula dzanja. "Mwana wanga, leta kuno nione." Basi itaima pa mzele wa mamotoka pafupi na Manda Hill, mudalayo anaika khutu pa thabwa, n'kuyamba kupotokola tumakiyi kamodzi-kamodzi. Pofika pa UNZA mawaya onse sikisi anali atamvana. Analiza pang'ono cabe, ndipo ngakhale mayi wa khutu uja anakhala cete. Potsika pa Munali anauza mnyamatayo kuti, "Foni siimvela ukalakwitsa. Pa Sondo tikacoka ku chalichi timankhala pansi pa mtengo wa mango na anzanga atatu. Ubwele nayo." Anamupatsa namba, n'kutsika.

Sitidziŵa ngati mnyamatayo anapita pa Sondo. Koma tifuna kunena mosabisa kuti afunika kupita, ndipo mzinda uno ufunika kukhala na mitengo ya mango yambili ya mtundu umenewu. Gitala siphunzilidwa na munthu ali yekha m'kacipinda. Imacoka m'manja mwa wina kupita m'manja mwa wina. Mu Zambia mzele wa manja umenewu unaduka pakati, ndipo ngati sitiulumikiza manje, pamene akulu odziŵa akali moyo, udzadukilatu.

Tiyeni tikumbutsane kumene tinacokela. Inu amene mumakwela basi yodzela pa Mass Media, mumapita mu msewu wa Alick Nkhata tsiku lililonse. Kodi mumadziŵa kuti dzina limeneli ni la munthu wa gitala? Ba Nkhata anabadwa mu 1922, anamenya nawo nkhondo yaciŵili ya padziko lonse ku Burma, ndipo atabwelako anayenda na Hugh Tracey, mzungu amene anali kujambula nyimbo za anthu akuda m'midzi na m'makomboni. Pambuyo pake analoŵa nchito pa wailesi muno mu Lusaka, ndipo mawu awo na gitala yawo zinafika m'nyumba zambili kupitila mu kawailesi kochipa kaja kochedwa Saucepan Special. Anafa mu 1978 ku Mkushi, pamene asilikali a Rhodesia anaukila dela limenelo. Ngakhale iwo sanali kuimba okha: anali na gulu, Lusaka Radio Band, limene pambuyo pake linachedwa Big Gold Six.

Ku migodi nakonso, m'zaka za m'ma 1950, anyamata ogwila nchito ya mkuwa anali kugula magitala na malipilo awo, n'kumaphunzitsana madzulo m'makomboni. Amene analibe ndalama anali kukhoma banjo ya cigubu ca mafuta, thabwa na mawaya omasula ku mabuleki a njinga. Amadala ambili amene muli nawo m'basi muno anayambila pa banjo yotelo. Palibe anali na satifiketi. Sukulu yawo inali kukhala pafupi na wodziŵa, kuyang'anitsitsa zala zake, na kudikila kuti apite kukamwa madzi kuti iwe ugwileko mphindi ziŵili.

M'sukulu imeneyi ndiye munatuluka nyimbo za m'ma 1970 zimene dziko lonse manje limazicha Zamrock. Gulu la WITCH linayambila ku Kitwe, na ba Emmanuel "Jagari" Chanda kutsogolo. Ba Rikki Ililonga anali na Musi-O-Tunya, ndipo ba Paul Ngozi, amene dzina lawo leni-leni linali Paul Nyirongo, anapitilamo m'gulu limenelo asanapange Ngozi Family. Kunali Amanaz, kunali ba Keith Mlevhu. Pakati pa zaka zimenezo, ba Kenneth Kaunda, amene naonso anali kuliza gitala, analamula kuti pa nyimbo 10 zilizonse za pa wailesi, zosacepela 9 zikhale za muno. Magulu anali kujambula ku DB Studios muno mu Lusaka, ndipo mambale anali kudindidwa ku Teal ku Ndola. Kenako kunabwela kalindula ya Amayenge, Masasu, Serenje Kalindula Band na ba P.K. Chishala, amene anali osaona koma zala zawo zinali kuona mawaya bwino kupambana ife a maso aŵili.

Onani bwino mndandanda umenewu. Pafupifupi dzina lililonse ni la gulu, kapena la munthu amene anakulila m'gulu. Anali kubwelekana mawaya, kubelana kalizidwe, kukangana na kugwilizananso. Mnyamata wonyamula masipika lelo, caka camaŵa ndiye anali kuliza besi.

Nanga cinadula mzele n'ciani? Zinthu zingapo zinabwela pamodzi. Mtengo wa mkuwa unagwa pakati pa zaka za m'ma 1970, ndipo anthu anasoŵa ndalama zogulila mambale na zoloŵela m'maholo. Nthawi ya nkhondo ya ku Rhodesia kunali malamulo oletsa kuyenda usiku, ndipo magulu anasoŵa koimbila. Kunabwela disko: mwini bala anaona kuti kulipila munthu mmodzi wa mambale n'kochipa kupambana kudyetsa anyamata asanu. Makaseti okopela anadya phindu lotsala. Ndipo AIDS inatenga oimba ambili m'zaka za m'ma 1980 na 1990. Ba Paul Ngozi anamwalila mu 1989, ali na zaka 40 cabe. Pa anyamata oyamba a WITCH anatsala ba Jagari okha, ndipo anatha zaka zambili akuphunzitsa sukulu, kenako akukumba miyala ya mtengo wapatali kuti apeze ya unga. Amene akanaphunzitsa ana anapita kumanda na nzelu zawo m'zala.

Ana amene anabwela pambuyo anapeza kiibodi na kompyuta. Sitikunyoza. Nyimbo za pa kompyuta zadyetsa mabanja ambili, ndipo zina ni zabwino ngako. Koma kompyuta imalola munthu mmodzi kukhala ng'oma, besi na gitala zonse ali yekha, citseko cotseka. Palibenso mwana woimilila pa windo kuyang'ana zala.

Apa ndiye pali nkhani yocititsa manyazi pang'ono. Zimene ife tinaika pansi pa bedi, anthu akunja anabwela kudzazifukula. Kampani ya Now-Again ya ku Los Angeles inadindanso mambale akale a Zamrock. Mu 2019 kunatuluka filimu yonena za WITCH, ndipo ba Jagari, atapitilila zaka 60, anayambanso kuzungulila ku Europe na ku America. Mu 2023 gululo linatulutsa cimbale catsopano, Zango. Mwana wathu Sampa the Great anabwelela ku kalizidwe kameneka mu nyimbo yake ya Never Forget mu 2022. Ndipo mu October 2024, Tyler, the Creator, mmodzi wa oimba ochuka ku America, anatulutsa nyimbo ya Noid, imene anaimanga pa Nizakupanga Ngozi ya Ngozi Family ya mu 1977. Cimbale cake cinakhala namba 1 ku America. Anthu mamiliyoni anamva Cinyanja ca pa Lusaka. Ku Kabwata kuli msewu wa Paul Ngozi. Imani pa msewu umenewo, mufunse anyamata 10 opita ngati pali mmodzi angalize nyimbo imodzi ya mwini dzina. Muone mmene adzakuyang'anilani.

Wina adzati, koma masiku ano zonse zili pa foni. Ni zoona, ndipo tisakane cabwino. Foni ingakuthandize kuchuna mawaya. Pa YouTube pali aphunzitsi oleza mtima amene angakuonetse poika zala pa G, pa C na pa D, ndipo na makodi atatu amenewa munthu angalize nyimbo zambili za ku chalichi na za pa ukwati. Amadala athu akanakhala na zimenezi akanavina. Koma foni ili na malile. Siimva kuti cala cako cikugona pa waya wapafupi n'kuutsamwitsa. Siiona kuti gitala yako ya salaula ili na khosi lopindika, mawaya ali patali na thabwa, ndipo zala zikuŵaŵa cifukwa ca cida, osati cifukwa ndiwe mbuli. Ambili amasiya pa mlungu waciŵili kapena wacitatu, nsonga za zala zikatupa, osadziŵa kuti zatsala pang'ono kulimba. Pafunika munthu wokuonetsa zala zake zokakala n'kukuuza kuti, "Naine n'napitamo, limbikila."

Cina, aphunzitsi ambili a pa foni amaphunzitsa nyimbo za kwawo. Ungathe caka conse ukuliza za ku Nashville na ku London, koma kudumpha kwa besi ya kalindula, kapena mmene gitala yaciŵili imayankhila yoyamba, sudzakupeza bwino kumeneko. Zimenezi zili m'manja mwa mudala wa mu Chilenje amene manje amakonza mawailesi, na mayi wa kwaya ku Matero amene analiza besi zaka 20. Cacikulu kupambana zonse, foni siingakuphunzitse kumvela mnzako. Woliza yekha amathamanga pofeŵa, n'kucedwa povuta, ndipo sadziŵa. Tsiku loyamba kuliza na anthu ena m'pamene amazindikila kuti nthawi ni ya gulu lonse. Paja cala cimodzi siciswa nsabwe.

Tikumbukilenso caka ca 2024, pamene madzi anacepa ku Kariba ndipo makomboni ambili anali kuona malaiti maola atatu cabe pa tsiku. Mafoni anazima, ma TV anazima, mastudiyo a kompyuta anagona. Gitala ya bokosi siinazime. M'nyumba zimene munali munthu wodziŵa kuliza, mdima unafupika.

Tidziŵa zimene ena a inu mukuganiza pa mpando wakumbuyo. Coyamba: gitala ni ya acakolwa na osafuna nchito. Mbili imeneyi inacokela m'mabala, ndipo sitinganame kuti munalibe coona. Koma moŵa wagwetsa maloya, madalaivala na aphunzitsi, ndipo palibe amene amaletsa mwana kuphunzila malamulo. Mnyamata amene ali pansi pa mtengo wa mango pa Sondo masana, akulimbana na kodi ya F pamaso pa amadala atatu, mukudziŵa kumene ali. Amene alibe cocita na manja ake ndiye mumupeza pa kubecha mpila na tujilijili twa masiku ano.

Caciŵili: mulibe ndalama m'gitala. Kwa ambili, inde mulibe, ndipo tisanamize ana. Koma si zonse zimene munthu amacita zifunika kubala kwacha. Amene amamenya bola ya madalasi pa Sondo sayembekezela kuitanidwa ku Chipolopolo. Mlonda wa ku Kabulonga, nesi wa ku Woodlands, kalaliki wa mu Cairo Road, kondakita amene, onse ali na ufulu wokhala na cinthu cimodzi cimene amacita cifukwa cakuti mtima umakondwa. Ndipo oimba akulu samela pa simenti. Pa anthu 100 oliza mongokonda m'pamene pamatuluka mmodzi wodzaimilila pa siteji.

Cacitatu: congo. Apa eni nyumba na maneba ali na mfundo. Wocoka ku nchito ya usiku afunika kugona. Yankho ni nthawi na malo, osati kuletsa. Gitala ya bokosi masana siiposa wailesi ya neba kapena jenaleta ya pa shopu.

Manje tilankhule na inu amene muli na gitala pamwamba pa wadilopu. Itsitseni. Funsani ku chalichi kwanu, kwa okonza zida zoimbila, kapena kwa aphunzitsi a nyimbo pa sukulu yapafupi. Mu komboni iliyonse muli munthu wodziŵika kuti amaliza. Mukapita, pitani monga mlendo. Pelekani moni, nenani zoona kuti simudziŵa kanthu, ndipo tsiku loyamba mvelani kwambili kupambana kuliza. Musalize pamene wina akuchuna. Nyamulani mawaya anu apadela, cifukwa waya woyamba, woonda uja, umaduka nthawi iliyonse, ndipo kupempha mlungu na mlungu kumatopetsa. Gitala ya mwini musaigwile musanapemphe, ndipo mukabweleka, bwezani pa tsiku limene munanena. Magulu ambili a mu Lusaka sanaphedwe na kusoŵa luso. Anaphedwa na gitala yobweleka imene inakathela kwa wa kaloba. Kunyumba, mphindi 20 tsiku lililonse ziposa maola anayi pa Ciŵelu cokha. Ndipo mudala akakuphunzitsani mwezi wathunthu, kabotolo ka dilinki kapena ya basi si ciphuphu, ni ulemu.

Inu amene mudziŵa kale, nkhani yaikulu ili kwa inu. Pali matenda ena pakati pa oliza: kubisa zala. Wina amatembenukila kukhoma poliza kuti mwana asaone. Wina amaseka wophunzila pa gulu mpaka mwanayo osabwelanso. Ena amayamba kufunsa kuti gitala yako ni ya kampani iti, monga kuti nyimbo ili m'dzina lolembedwa pa mutu wa cida. Amene anapanga Zamrock anayamba na zida zimene imwe lelo simungazitole n'komwe. Kumbukilani amene anakugwilani cala n'kuciika pa waya. Mwina anapita kale, ndipo njila imodzi yokha yomubwezela ni kugwila cala ca wina. Muitanenso atsikana. Kwa zaka zambili mtsikana m'gulu anali kupatsidwa maikolofoni na kuvina cabe, monga kuti zala zake n'zosiyana na za mlongosi wake. Makolo adzalola ngati malo ni oonekela, nthawi ni ya masana, ndipo akulu alipo.

Za ndalama zogulila cida, tili nayo kale nzelu yathu: cilimba. Ngati amayi a pa maliketi amagula mafiliji na cilimba, anthu asanu ofuna magitala angacite cimodzimodzi, mwezi uno uyu, mwezi wamaŵa uyo. Pogula ya salaula, tengani wodziŵa. Ayang'ane khosi ngati n'loongoka, aone ngati kathabwa kogwila mawaya sikakumatuka, alize waya uliwonse kucoka pamwamba mpaka pansi. Mphindi zisanu za munthu wodziŵa zingapulumutse ndalama ya lendi.

Kwa a machalichi, a masukulu na a khonsolo, pempho lathu ni laling'ono. Sitikupempha nyumba yatsopano kapena galimoto. Machalichi ambili ali na magitala na maampu amene amagona m'kabati kucoka pa Mande mpaka pa Cisanu. Makalasi a sukulu amakhala okhoma pa Ciŵelu masana. Maholo a m'makomboni amatsegulidwa pakakhala kicheni pati kapena msonkhano wa cipani. Maola aŵili pa mlungu, na munthu mmodzi wodalilika wosunga kiyi, n'zokwanila. Ku Evelyn Hone College kuli ophunzila nyimbo amene afunika poyesela kuphunzitsa. Akumane na amadala a kalindula, wina abweletse manoti a pa pepala, wina abweletse khutu. A National Arts Council na a Zambia Association of Musicians, pambali pa mphoto na zikondwelelo, angathandize na cinthu copepuka: kudziŵa akulu oliza amene akali moyo m'dela lililonse na kuwalumikiza kwa ana ofuna kuphunzila. Tisadikile kuti tikaŵatamande pa malilo.

Ndipo imwe ba kondakita, gitala si thumba la makala. Siidetsa mpando, siinunkha, ndipo mwini wake amaifukata pa miyendo. Musamulipilitse kaŵili. Ise okwela, tikaona munthu akuvutika kuloŵa nayo pa citseko, tileke nseko za "ba Paul Ngozi bauka". Tifendele kumbuyo pang'ono, timugwilile khosi la gitala kuti lisagunde denga. Ngati pakati pathu pali wodziŵa kuchuna, acite monga mudala wa pa Munali uja: atambasule dzanja, amuuze tsiku na malo.